Mtanda wa Yohane

Ndinadzuka tambala asanalire, msana ukuwawa chifukwa chogona pa chiguduli panja. M'nyumba amayi a mpingo ankaimbabe, mawu atasasa. Mwera unkaomba kuchokera kunyanja, moto wa pasiwa utatsala makala okhaokha.

Ntchito yanga inali yolemba mtanda. Chisiyireni sukulu Fomu 2, pakhomo pano amandikumbukira pakakhala zolemba basi. Ndinalemba ndi penti yoyera: Yohane Phiri, msilikali wa nkhondo ya ku Bama. Anali agogo anga, bambo wa mayi anga, munthu wosayankhulayankhula amene anakalamba akusoka maukonde kuno ku Bua.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pa mabwato, ena pa thirakitala yochokera ku Dwangwa. Kuseri azimayi anakoleza moto wa mpunga. Wapampando wa chipani anabwera ndi pepala la mawu ake. Amuna amene anasambitsa thupi anatuluka osayang'anana, koma sindinalabadire.

Cha m'ma naini kunafika mayi wokalamba wa ku Chia ndi amuna atatu ovala mikanjo, atanyamula sanda. Sanalire. Anakhala pakhomo nanena kuti wagona m'katimo ndi mlongo wake Saidi, Msilamu wovinidwa ku jando, ndipo sangalowe m'manda a mpingo.

Ndinafuna kuwapirikitsa. Ansembe anandiletsa, naitanitsa agogo aakazi.

"Akunena zoona mayiwa," anatero agogo atagwira khoma. "Yohane anafera ku Bama ine ndili ndi pakati. Saidi anali mnzake. Anandibweretsera bulangete ndi mapepala a malemuyo, osabwereranso kwawo. Abale anakana ukwati wathu, tinathawira kuno, iye n'kutenga dzina la pamapepala."

Mayi anga anangoti khwithi pansi. "Nanga bambo anga ndani, amayi?"

"Anakulera ndani iwe?"

Apa ndinakumbukira. Ku Mgonero agogo aamuna sankapita. Nkhumba ankakana, ati nkhondo inawaononga m'mimba. M'bandakucha ankatsikira okha kunyanja. Ife tinkangoseka, zitsiru.

Akuluakulu anakangana mpaka masana. Anamaliza ndi agogo aakazi: zaka makumi anayi mwamunayo anasenza dzina la mnzake chifukwa cha iwo, lero apite ndi lake. Anamutulutsa m'bokosi, kumusambitsanso, kumukulunga m'sanda. Wapampando uja anapinda pepala lake n'kuika m'thumba. Tinamunyamula pa jeneza amuna okhaokha kupita kumanda a Asilamu, mchenga ukutilowa m'maso. Nditaikapo phewa ndinadabwa kupepuka kwake. Mapemphero awo sindinamvepo liwu ndi limodzi lomwe.

Pobwera tinapeza adzukulu okumba manda akudula thunthu la nthochi, poti dzenje lokumbakumba siligona lopanda kanthu. Agogo anakana. Anatulutsa bulangete lija, lodyeka ndi njenjete, naliika m'bokosi. Ati Yohane sanaikidwepo ndi munthu wa kwawo. Tinalikwirira kumanda a mpingo, ine n'kudzalapo mtanda wanga. Palibe chilembo chimene ndinasintha.

Madzulo nyumba inali zii. Anthu anathawa ndi nkhaniyo, mpunga osautha. Ukonde wosokedwa theka unali lende pakhonde, singano yake ili pomwepo. Mayi anga anakhala pansi pake. Kenaka anandiitana, nandifunsa ngati pa manda a bambo awo, kwa Asilamu kuja, palembedwa kanthu. Ndinati ayi.

"Penti ija yatsalako?"

Inatsalako.