Ngalande za ku Holandi, matope a ku Chipulukusu

Lachiwiri lapitali ndinapita ku Chipulukusu kukalonjera mlongo wanga wamkulu, amake Esinati, amene angobwera kumene kuchokera ku Holandi. Mwana wawo yekhayo, Esinatiyo, ndi namwino kumeneko. Iye ndiye anawaitana kuti akaoneko dziko, popeza chaka chamawa akufuna kubwerera kuno kudzakhala pafupi ndi mayi ake. Asisi akhala akupempherera zimenezi chimwalirireni alamu.

Ndinawapeza akukolopa matope. Mvula inagwa iwo ali paulendo, ngalande inasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Matiresi anali padzuwa, buku la nyimbo za kutchalitchi litatupa ngati buledi.

Ine ndinkayembekezera chokoleti. Anandipatsa tsache.

Tikusesa choncho anandisimbira za ulendowo. Akuti anakhala masiku atatu m'sitima yoyenda pamtsinje, kudya momwemo, kugona momwemo, mpaka anafika mumzinda wina umene misewu yake ina ndi madzi okhaokha. Nyumba zakalekale zaima m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, koma pakhomo pali gwa, pouma. Anthu amakwera bwato kupita kukamwa tiyi. Asisi akuti anakhala pawindo tsiku lonse kufunafuna thewera loyandama, koma sanalione.

"Iwe, manzi yao yamvela anthu," anatero. "Yathu yatibwezela chabe vamene tiyapatsa."

Ndinadziwa kuti mlanduwo ndi wanga.

Tisanamizane, abale. Kumwamba kukangoda, timatani? Timathamangira ku ngalande ndi ndowa ya zinyalala. Matewera, mabotolo, majumbo, phulusa la m'mbaula, zonse khuthu! Timati mvula itenge. Ine ndemwe ndachitapo zimenezi kwathu ku Itawa, osati kamodzi, ndipo ndinkabwerera m'nyumba mtima uli mbee ngati munthu waukhondo.

Koma mvulayo imapita nazo kuti? Madzi saiwala khwawa. Zomwe wataya wa kumtunda zimakatseka paipi ya pansi pa msewu, ndipo madzi akasowa njira amalowa m'nyumba ya mayi wamasiye wa kumunsi. Sindikunena kuti thewera limene tinalichotsa pansi pa bedi la asisi linachokera ku Itawa. Linachokera kwa munthu woganiza ngati ine.

Mudzati galimoto yotola zinyalala imaoneka mwa apo ndi apo. Zoona. Mudzati a ku Holandi ndi olemera. Zoonanso. Koma tili ana tinkasambira mumtsinje wa Kafubu, ndipo sitinali olemera. Lero mungamulole mdzukulu wanu kuviikamo phazi?

Chimene chikundifooketsa n'chakuti sindikuona potulukira. Timakumba ngalande Loweruka, kujambulitsa zithunzi titagwira mafosholo, Lolemba mitambo ikada ndowa zija zatulukanso. Ndalemba za nkhaniyi kangapo patsamba lino. Owerenga amandiyamikira m'basi, kenako n'kuponya botolo pawindo.

Tisanamalize kusesa foni inalira. Anali Esinati, akufunsa ngati mayi ake anafika bwino, komanso ngati kamalo ka kuseri kwa nyumba kakadalipo, kamene akufuna kudzamangapo. Asisi anayang'ana khoma, pamene madzi anasiya mzere wakuda. Anakhala pampando wonyowa.

"Usabwele, mwana wanga," anatero mwakachetechete. "Nkhala kwamene uko. Ine nazolowela."

Sanalire. Anadula foni n'kutolanso chokolopera. Ine ndi amene maso anadzaza misozi, ndipo mpaka lero mtima ukundiwawa.

Takhala tikudandaula kuti anamwino athu akuthawira kunja chifukwa chosakonda kwawo. Uyu amafuna kubwera, mayi ake omubala ndiwo amukaniza. Mitambo yayambanso kuda pamene ndikulemba izi. Inu amene ndowa ili kale m'manja, mukufuna kuthamangitsa mwana wa yani ulendo uno?