Ntchito yolondera kompyuta

Linali Lachitatu, 2 koloko masana, pamene adona anandiitanira m'chipinda cha kompyuta. Ndinalowa mwana ali kumbuyo, ndikuganiza kuti ndaononga china.

Adonawo ankagwirira ntchito pakhomo pawo ku Zinniaville, ku Joni. Ankajambula tchipi, kanthu kakang'ono ngati chikhadabo kamene kamakhala m'kati mwa foni. Akamaliza kujambula, kompyuta yaikulu yakuda inkafufuza ngati tinjira tonse ta magetsi talumikizana bwino. Kufufuzako kunkatenga masiku, ndipo kompyuta ikazima panjira zonse zinkayambiranso. Choncho anandilemba kuti ndizilondera iwo akachoka. Magetsi akathima ndinkathamanga kukaliza jenereta batire isanathe. Kukolopa kunali kongowonjezera.

Kwina konse kumene ndinafunsako ntchito ankangoona mwana n'kupukusa mutu. Kuno ankaloledwa. Ndinkamugoneka pa chitenje pafupi ndi kompyutayo, chifukwa inkapuma mpweya wofunda, ndipo chisanu cha ku Joni sichisewera.

"Taona apa," anatero adona, akuloza timabokosi pagalasi. Ndinkatidziwa. Masiku onse kankayaka kamodzi kokha, koma tsikulo tinali titayaka tonse.

"Muno muli timaubongo tambiri," anatero. "Kale kankagwira ntchito kamodzi, tinato titangokhala. Pulogalamu yatsopanoyi imaduladula ntchito n'kugawira tonse nthawi imodzi. Ya m'mawa ija yatha kale. Iyi ndi yachiwiri."

Anali okondwa, inenso ndinamwetulira nawo. Ndinali ndi funso, koma Chingerezi changa chimathawa ndikachifuna. Adonawo anatsitsa mawu. Anati ntchito ya maola ochepa angathe kuilondera okha, ine ndizingobwera akandiimbira. Ndinathokoza, sindikudziwa chifukwa chake.

Ku Boitekong, kumene tinkakhala, ndinapeza madala a chipinda choyandikana nafe atakhala pa kreti, akusoka nsapato. Ndi akwathu, anakalambira mumgodi.

"Chayile yafika msanga lero, mwaweruka kale, mayi a mwana. Akukwezani udindo?"

Ndinawafotokozera monga ndinamvera, za timaubongo togawana ntchito.

"Ndiye mumadyera ulesi wa tinato," anatero akuseka. "Bwenzi mutatinong'oneza kuti tisadzuke."

Ataona nkhope yanga anasiya kuseka. Anabaya nsapato ija kangapo.

"Amayi anu ali m'nyumbamu tsiku lonse," anatero, kutanthauza akazi awo. "Maondo ndiwo avuta, koma manja alipo."

Ankatanthauza kuti ndiziwasiyira mwana. Mwanayu anali asanasiyanepo nane chibadwire, ndipo anali akadayamwa. Bambo ake anali akudikirabe kuitanidwa ku ntchito ya kontirakiti, foni ili m'manja tsiku lonse, ndiye sindinafune kuwawonjezera nkhawa. Madzulo ndinachapa matewera onse, ngakhale oyera omwe.

M'mawa mwake ndinamuyamwitsa mpaka anagona. Ndinagogoda kwa madala aja, ndinamupereka m'manja mwa akazi awo pamodzi ndi kabotolo ka phala, kenako ndinafulumira kukakwera takisi yopita kumashopu kukafuna ntchito, mwana asanadzuke.