Tsiku limene ndinatsuka tcheniso ya alamu anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinapha tcheniso ya munthu amene ankafuna kukwatira akulu anga. Mpaka lero ndikamva makina ochekera mitengo amenewa akulira kuthengo, nkhope imanditentha ndi manyazi.

Kwathu ndi kumudzi wina kufupi ndi Katondwe, ndipo masiku amenewo ine ndinkadziwika ndi chinthu chimodzi chokha, kutsuka. Kusukulu aphunzitsi anali atandisankha kuti ndiziyang'anira ukhondo m'kalasi, basi mutu unakula. M'mawa uliwonse ndinkayendera zikhadabo za anzanga, ena aakulu kuposa ine, ndipo kunyumba ndinkakwecha mapoto mpaka amama kudandaula kuti ndiwaboola. Ndikaona chinthu chakuda, manja ankandiyabwa.

Akulu anga, a Velonika, anali ndi mnyamata wawo dzina lake a Domingo, wa ku Boma, amene makolo ake anachokera kutsidya, ku Mozambiki. Anali munthu wamtali, wofatsa, wamanyazi zedi. Anagwira nsomba zaka zingapo mpaka anagula tcheniso, nayamba kuchekera anthu matabwa. Ankhoswe anali atabwera kale kwathu, mawu anakambidwa, koma atata ankazengereza kuyankha. Iwo sankawakhulupirira anyamata a makina. Ankati munthu amene ntchito imamugwirira ndi petulo, tsiku limene petulo adzasowe banja lidzagona ndi njala.

Chaka chimenecho njovu zinagwetsa mtengo waukulu wa mchenja m'dimba mwathu, ndipo unagona chopingasa pamalo pomwe amama ankabzala repu ndi tomato. Kwathu mkamwini amaonetsa manja ake pantchito ya apongozi, choncho atata anatumiza mawu kudzera mwa ankhoswe kuti mnyamatayo abwere adzachotse mtengowo, kenako tidzakambe. Mudzi wonse unamva tanthauzo lake. Mtengo ukachoka bwino ukwati ulipo, zikakanika a Velonika ayang'ane kwina.

A Domingo anafika Lachisanu madzulo panjinga, makina atakulungidwa m'saka pakaliyala. Ndinathamanga kukalandira katundu monga mmene amama anatiphunzitsira.

“Mukazi wanga mung'ono, wakula!” anandiseka motero, paja mlamu ndi mlamu amasereulana. “Ika pakhonde apo. Nadzaza kudala vonse, mailo ni kudonsa chabe nthambo.” Ankatanthauza kuti mafuta onse athira kale m'makinamo, mawa n'kungokoka chingwe.

Atapereka moni ali chinjutire chapatali, anapita kukagona kwa ankhoswe.

M'mamawa Loweruka, amama ndi a Velonika atapita kumjigo, ndinamasula saka lija kuti ndingoona. Mayo ine! Utuchi wosakanizika ndi oyilo unali utamatirira paliponse, wakuda bii. Ndinawamvera chisoni akulu anga kuti akukwatiwa ndi munthu wauve chotere. Kenako ndinachita mantha, poti atata akaona zimenezi akana ukwati makina asanalire n'komwe. Mlendo kwathu timamupukutira nsapato ndi kumuchapira malaya, nanga makina ake n'kuwasiya choncho? Ndinatenga beseni, sopo ndi kansanza.

Kunja kwa makinawo kutawala, ndinatsegula chotsekera choyamba. Munali petulo, koma wofiirira. Ine petulo ndinkamudziwa bwino, chifukwa amama ankagulitsa wa m'mabotolo kumsewu kwa anyamata a njinga zamoto, ndipo petulo wabwino amaoneka mbee. Ndinati basi alamu anga awapusitsa, awagulitsa zonyansa. Ndinamukhuthulira kudzala, n'kuthiramo botolo la amama loyera bwino. Chotsekera chachiwiri, pafupi ndi tcheni, munali oyilo wakuda, wolemera, wonunkha. Ameneyonso anapita kudzala. M'malo mwake ndinathiramo saladi wathu wophikira, wonyezimira, amene amama ankamusungira alendo.

Pamwamba panali kachivundikiro komasula ndi dzanja. Pansi pake ndinapeza kasiponji kodzaza fumbi. Ndinakachapa katatu mpaka kanasanduka kachikasu, ndipo ndinakayanika pathandala pamodzi ndi mbale. Chivundikirocho ndinabwezerapo mwaulemu kuti fumbi lisalowe. Kenako amama anafika n'kundituma kukasesa, ndipo za kasiponji ndinaiwaliratu.

Panthawiyo sindinkadziwa kuti injini ya tcheniso ilibe posungira oyilo wake ngati galimoto. Imakhalira moyo oyilo amene amasakanizidwa m'petulo momwemo, ndipo kufiirira kuja kunali komweko. Kasiponji kaja ndi kamene kamasefa mpweya kuti utuchi usalowe m'kati. Ine ndinali nditachotsa zonse ziwiri, kenako n'kukasamba, n'kuvala diresi la kutchalitchi.

Kudimba kunasonkhana anthu ngati kuli mpira. Atata anaima patsogolo atapinda manja. A Velonika anabisala kumbuyo kwa azimayi, akuluma nsonga ya chitenje. A Domingo atamasula saka anaima kaye, kudabwa kuwala kwa makina awo, ndipo anandiyang'ana n'kumwetulira. Mtima wanga unadzaza. Ndinkangodikira kuti mtengo uthe, ndilengeze pamaso pa onse kuti ntchito imeneyi ndi yanga.

A Domingo anakoka chingwe katatu, makina anabangula. Utuchi unauluka, ana anakuwa, nthambi yoyamba inagwa, yachiwiri inagwa. Ndinaona manja a atata akuyamba kumasuka. Kenako kunayamba kumveka kafungo.

“Nindani akazinga vitumbuwa kuno kudimba?” anafunsa mkulu wina, akununkhiza m'mwamba.

Anthu anayang'anana. Agalu awiri amene anathawa phokoso poyamba anabwerera, n'kukhala pansi pafupi ndi a Domingo mwachiyembekezo. Alamu angawo anali atalowetsa tcheni m'thunthu lenileni, ndipo kulira kwa makina kunayamba kusintha, kukwera, kuwonda, mpaka kunatilasa m'makutu. Kenako makinawo anangoti khwee, zii. Tinamva mpaka mbalame kumtsinje.

A Domingo anakoka chingwe, koma sichinasunthe. Anakokanso atapondapo ndi phazi, osatheka. Anatsegula motsekera petulo, nadonthetsera pachala, n'kuyang'anitsitsa. Ananunkhiza tcheni. Anamasula kachivundikiro kaja n'kupeza mulibe kanthu. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana anthu mmodzimmodzi, ndipo maso awo anandidutsa ine osaima. Apo ndi pamene ndinazindikira chimene ndinachita.

“Yalema?” atata anafunsa.

“Yafa, atata.”

“Chaipaya nichani?”

“Ni kusasamala kwanga.”

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Atata sanaseke. Anatuma mwana kukatenga nkhwangwa kunyumba, naiika pansi patsogolo pa a Domingo, n'kuchoka.

Amene sanadulepo mchenja ndi nkhwangwa asamanene kuti amadziwa kuvutika. Loweruka lonselo a Domingo anatema, Lolemba anatemanso, ndipo thunthulo linkangooneka ngati lalumidwa ndi mbewa. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, anamanga nsanza n'kupitiriza. M'mudzi anali atawapatsa kale dzina loti a Vitumbuwa, ndipo ana ankawaitana choncho akabisala m'tchire. Madzulo ndinamva atata akuuza amama kuti munthu wolephera kusamala chitsulo chake sangasamale mwana wa munthu. A Velonika anasiya kudya, ankangolira chamumtima akusinja. Ndinkawaopa atata, pakuti dzanja lawo linali lolemera, ndipo ndinkadziuza kuti mwina mtengo ukatha zonse ziiwalika. Ndinali wamantha, palibe dzina lina.

Lachiwiri masana a Domingo anabwera kunyumba kudzamwa madzi. Anakhala patali pansi pa mtengo wa masau, poti mkamwini sayandikira apongozi aakazi. Atata anali pampando wawo pakhonde. Amama anali pathandala akukwecha poto, ndipo ndinaona chimene chinali m'manja mwawo.

“Koma kasiponji aka kanachokera kuti?” anatero amama mokweza, akukatembenuza. “Kachosa mafuta bwino maningi. Velonika, ukapita ku Boma unigulileko tubili.”

A Domingo anayang'ana kasiponjiko, kenako anaweramitsa mutu pakati pa mawondo. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ine ndinati basi munthu wamkulu akulira chifukwa cha ine. Sindikudziwa mmene ndinafikira pamaso pa atata, ndinangopezeka ndagwada, mawu akutuluka osakanizika ndi mamina. Ndinanena za petulo wofiira, za oyilo wakuda, za saladi wa alendo, ndipo pomaliza ndinaloza m'manja mwa amama.

Amama anakweza kasiponji kaja m'mwamba, thovu likutsikira kuchigongono.

Atata anatembenukira kumasau kuja. “A Domingo, munali kudziwa?”

“Ninadziwa pa Chiweru pamene paja, atata.”

“Na kasiponji?”

“Ninakaona dzulo pathandala.” Anadzutsa mutu, ndipo ndinaona kuti sankalira, ankalimbana ndi chiseko. “Manje ningauze bwanji apongozi kuti asukira poto na makina yanga?”

Amama anakaponya pansi ngati kawawotcha, nadziphimba kumaso ndi chitenje, n'kuthawira m'khitchini. Atata anayamba ndi kutsokomola, kenako kuseka kunawagwira mpaka misozi, akumenya mwendo wa mpando. Sindinawaonepo akuseka chomwecho. Ine ndinali chigwadire, osadziwa ngati mkwapulo ukubwera kapena ayi.

Atapuma anapukuta m'maso, nkhope inabwerera mwakale. Anandiuza kuti nthambi zonse za mchenja uja ndizituta ndekha pamutu mpaka kunyumba, ngakhale zitenge mwezi. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi nkhwangwa yachiwiri.

“Tiyeni, mwana wanga,” anatero kwa a Domingo. “Onetsani manja ayo kwa a Velonika poyamba, ayamange bwino.”

Kwathu apongozi satema mtengo umodzi ndi mkamwini amene akumuyesa. Anthu atawaona awiriwo akusinthana pathunthu lija, panalibenso wofunsa ngati ukwati ulipo. Mawa lake ankhoswe anaitanidwa kudzamva tsiku.

Nthambi ndinatuta milungu itatu, khosi linauma. Koma chilango chimene chinandipweteka kwambiri chinali china. Atata analamula kuti a Domingo andikhazike pansi andiphunzitse chimene ndinawononga. Ine, woyang'anira ukhondo wa kalasi yonse, ndinakhala pamphasa ngati mwana wa giredi wani. Anandionetsa kabotolo ka oyilo wofiira, mmene amayezera muyezo wake, mmene amathirira m'chigubu cha petulo n'kukhutchumula asanathire m'makina. Anati oyilo wa tcheni ndi wina, ali ndi khomo lakelake, ndipo saladi ndi wa m'khitchini. Anamasula injini n'kundionetsa pisitoni yokalikakalika, yopserera. Ndinaigwira, ndipo misozi inabweranso.

“Usalile, mulamu,” anatero. “Chimodzi unachita bwino. Kasiponji kamafunika kuwasha nditu. Koma ukawasha, uyanike, ubwezepo. Osapasa apongozi.”

Ukwati unachitika mvula isanagwe. Tcheniso ija sinadzuke msanga. A Domingo anabwerera m'bwato kukagwira nsomba nyengo yathunthu kuti apeze zitsulo zatsopano, ndipo nthawi yonseyo sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Dzina la a Vitumbuwa lidakalipo mpaka lero, adzukulu awo amaliyesa dzina lenileni.

Papita zaka zambiri, nanenso ndili ndi ana anga. Za petulo ndi oyilo ndinaphunzira tsiku lomwe lija, ndipo chinthu cha mwini sindichikhudza ndisanafunse, ngakhale chide bwanji. Koma china chinanditengera nthawi. Kwa zaka zonsezi ndinkakamba nkhaniyi modzitama, ngati kuti kuulula kwanga ndiko kunapulumutsa ukwati wa akulu anga. Chaka chatha ndinapita kukawaona, ndipo tili pakhonde ndinawafunsa alamu anga, imvi zili mbuu, chifukwa chimene anakhalira chete kudimba kuja pamene mawu amodzi okha akanawachotsa manyazi.

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

“Nikanakamba paja, atata akanakumenya pamenso pa munzi wonse,” anatero. “Manje ine nikanangena bwanji m'banja mwanu na misozi ya mwana?”

Masiku atatu aja ine ndinkaganiza kuti ndikubisa mlandu wanga ndekha, osadziwa kuti munthu amene ndinamuwonongera zonse ankandibisira nawo, manja akuchucha magazi.