Kanema Amene Ndinadula wa Kaputeni Wathu

Ntchito yanga yoyamba ku Leeds anandipezera ndi a Limbani, ndipo ndine amene ndinathandiza kuwachotsa pa yawo. Ndayamba n'kunena zimenezi kuti musandimvere chisoni m'kati mwa nkhaniyi.

Nditamaliza maphunziro a zamasewera pa yunivesite, ndinatha miyezi isanu ndikungotumiza makalata ofunsira ntchito, mayankho osabwera. A Limbani tinkapemphera mpingo umodzi. Anali Mmalawi mnzanga wa ku Zomba, wa zaka makumi atatu ndi zitatu. M'kati mwa sabata ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, koma Loweruka anali kaputeni wa timu ina yaing'ono ya m'ligi zam'munsi, kunja kwa mzinda. Ankasewera pakati, ndipo mpira uliwonse wopita kutsogolo unkayamba wadutsa paphazi lawo. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi anandiimitsa pakhomo.

"Achemwali, kutimu kwathu akufuna munthu wa video. Ndawauza kale kuti muli sharp, ndiye musakandichititse manyazi."

Ntchitoyo inali yojambula masewera ndi kuwaunika. Loweruka ndinkakwera basi ndi chikwama cha kamera, miyendo yake itatu, mabatire awiri ndi laputopu. Kubwalo ndinkakwera nsanja yazitsulo imene inali moyang'anizana ndi mzere wapakati, mphepo ya ku Yorkshire ikundiwomba mpaka zala kuuma. Lamulo lalikulu pojambula ndi lakuti usatsatire mpira wokha. Kamera uyitsegule kuti pazioneka osewera ambiri, chifukwa chimene wosewera wachita ndi mpira chimadalira pamene anzake aima. Lolemba ndinkaonera masewera onse pa laputopu ndikudinda mabatani: limodzi la mpira wopatsira bwino, lina la mpira wotayika, lina la shoti. Tizidutswa ta kanema timeneti tinkalowa m'mafoda, foda iliyonse ndi dzina lake.

Chaka chimenecho timu inali kumchira kwa ligi. Pofika Januwale tinali titagonja masewera asanu ndi awiri otsatizana, ndipo nkhani yonse inagwera a Limbani. Ochemerera ena ankati akalamba, akuchedwetsa mpira, awachotse timu iyambirenso ndi anyamata. Ena ankati popanda iwo palibe amene angapatsire mpira wolunjika ngakhale umodzi. Kochi wathu, mzungu wa komweko dzina lake Dave, anali atasankha kale mbali yake, koma ankafunika kukhutiritsa komiti, poti tcheyamani ankawakonda a Limbani.

Lolemba lina Dave anandiyitanira m'kaofesi kake. "Undisonkhanitsire mpira uliwonse umene Limbani wataya m'masewera khumi apitawa," anatero. "Uyandikitse chithunzi, aoneke iye yekha. Akomiti maso awo ndi ofooka."

Ndinadziwa chimene kuyandikitsako kudzachite. Pachithunzi chotseguka unkaona a Limbani alandira mpira, akweza mutu, ndipo kutsogolo osewera atatu angoima ngati akudikira basi. Ukadula m'mbali monse n'kuwasiya okha, unkangoona bambo wotopa akuzungulirazungulira ndi mpira mpaka kumulanda. Sindinganame kuti liwiro lawo linali lakale lija. Linali litachepadi. Koma m'laputopu momwemo munali foda ina ya mipira imene anapatsira bwino anzawo n'kuiwononga okha, ndipo inali yodzaza kuposa inayo.

Ndinangoti, "Chabwino, bwana." Ndinakula ndikuphunzitsidwa kuti wamkulu akatuma supikisana naye, ndipo kwa zaka ndakhala ndikubisala kumbuyo kwa ulemu umenewu. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Inali ntchito yokhayo imene ndinali nayo yogwirizana ndi maphunziro anga, ndipo ndinkafuna kalata yabwino ya Dave yokafunsira ina yaikulu.

Ndinadula kanemayo mwaluso, ndipo ndi zimene zimandiwawa kwambiri. Ndinasanja tizidutswa kuyambira toipa pang'ono mpaka toipitsitsa, n'kuika mzere wofiira wozungulira a Limbani kuti diso lisapite kwina.

Komiti inakumana Lachinayi masana m'chipinda chapamwamba pa bala ya kalabu. Ndinalumikiza laputopu ku TV, ndipo kwa mphindi zisanu ndi chimodzi anthu asanu anaonera kaputeni wawo akulandidwa mpira. Utatha, tcheyamani, bambo wachikulire amene anali ndi kampani yokonza madenga, anavula magalasi n'kutembenukira kwa ine, osati kwa Dave.

"Iwe ndi amene waonera masewera onsewa. Kodi chithunzi chonse n'chimenechi?"

Foda inayo inali pomwepo, chala changa chinali pa batani. Dave ankayang'ana kapu yake ya tiyi. Ndinayankha kuti inde.

Sabata yomweyo a Limbani anauzidwa kuti akhoza kukafuna timu ina. Dave anabweretsa anyamata anayi, ndipo kumapeto kwa chaka tinapulumuka mwamwayi osatuluka mu ligi. Anthu anati kochi anaganiza bwino. Mwina anaganizadi bwino, timu imafika poyenera kuyambiranso, ndipo mwina komiti ikanawachotsabe itaona zonse. Koma sinaone zonse, ndipo amene anaibisira ndine.

Masabata atatu ndinajomba kutchalitchi. Sabata yachinayi a Limbani anandiyimbira okha.

"Achemwali, mwasowatu. Pali timu ina ku Bradford ikufuna ione ma clips anga. Mungandikonzereko? No rush, olo two weeks."

Ndinawatumizira tsiku lomwelo, chifukwa panalibe chokonza. Foda ija inali yokonzeka kale. Lamulungu ndinalimba mtima n'kupita kutchalitchi. Titaweruka anandipeza pamene tinkamwera tiyi, foni ili m'manja, akumwetulira.

"Eeh, koma ndimasewera ine, eti? Ndaonera katatu." Kenako kumwetulira kunachepa. "Koma mwachita msanga bwanji? Akomiti anaziona izi?"

"Ayi."

"Inu munali nazo tsiku limene lija?"

"Ndinali nazo, achimwene."

Anayang'ana foniyo nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Iwo anangoiika m'thumba n'kunena kuti, "Chabwino. Zikomo potumiza." Ku Bradford anasewerako miyezi inayi, bondo linawavuta, n'kusiya mpira. Mpaka lero timapatsana moni bwinobwino, amafunsa za ana anga, koma sananditchulenso achemwali. Amanditchula dzina.

Panopa ndikugwira ntchito yomweyi ku timu yaikulupo, ndipo makochi amapemphabe tizidutswa ta zolakwa za wosewera, poti ndi mbali ya ntchito. Ndimawapatsa, koma chithunzi ndimachisiya chotseguka, osewera onse azioneka, ndipo foda inayo ndimaitumiza limodzi ngakhale sanaipemphe. Kochi wina anandifunsa chifukwa chake ndimaumirira chonchi. Ndinamuuza kuti kale ndinafunsidwa ngati chithunzi chinali chonse, ndipo ndinanamizira munthu amene anandiikira umboni.