Mmene Aubrey Anakulira Kuposa Mbulumbuzi

Aubrey Kalinde amameta anthu pa Mbulumbuzi, m'kashopu kamalata kuseri kwa chigayo. Kumeta amatha ndithu, pamenepo tisamunamizire. Koma mukamufunsa ntchito yake sanena za kumeta ayi. Amati iye ndi msilikali, n'kukuonetsani foni yong'aluka galasi.

Nkhondo yakeyo ndi gemu ya pa intaneti. Anthu amapanga gulu, aliyense ndi foni yake kumene ali, n'kupangana nthawi yokathira nkhondo linga la chimphona. Wina amaima kutsogolo ndi chishango, ena amaponya mivi, wina ntchito yake ndi kuchiritsa ovulala. Mmodzi akapusa, onse amafa n'kukayambiranso pachipata.

Gulu la kuno linkadzitcha Nandolo Wauma. Analiyambitsa ndi Dainess, mayi wogulitsa mbewu ndi feteleza pamsika, mothandizana ndi Timoti wa kabaza. Ena anali a ku Magomero, ena a ku Boma. Aubrey analowamo mochita kupempha, ndipo kwa nthawi yaitali ndiye anali katundu wa gulu. Chimphona chikalavula moto anzake onse ankabalalika, iye n'kungoima pomwepo ngati akuotha.

"Achimwene, chokani pamotopo!" ankakuwa Dainess pafoni.

"Ndi netiweki, asisi! Si ine ayi, ndi netiweki!"

Netiweki yomweyo inkagwira bwinobwino pa foni ya Timoti, amene anali atakhala naye benchi limodzi.

Sanamuthamangitse. Lamulungu masana akaweruka kutchalitchi, Dainess ankamuitana pakhonde la sitolo yake n'kumamuonetsa: usamayang'ane mivi yako, uziyang'ana phewa la chimphona, likatsika dziwa kuti moto ukubwera. Timoti ankamuperekeza ku timalinga ting'onoting'ono kuti azolowere kuponya uku akuthamanga. Naye Aubrey anachita khama, chilungamo chake. Ankayeserera paliponse pamene wapeza mpata, ngakhale pamene mpata panalibe. A Bonifasio, mkulu wa mpingo, anatuluka m'shopumo tsiku lina mutu utametedwa mbali imodzi, atatopa kudikira munthu amene ankangoti, "Pang'ono bambo, ndikumaliza."

Pofika nyengo yokolola nandolo, Aubrey anali woponya mivi woposa onse m'gululo. Ndipo matenda anayambira pomwepo. Anthu omwe anamunyamula aja tsopano anasanduka omulemera. Timoti akachedwa kukweza chishango, Aubrey ankausa moyo mokweza kuti onse amve. Wochiritsa wa gulu, Aubrey ankamutcha wonyamula zikwama, ati chifukwa ntchito imeneyo ndi ya anthu oopa nkhondo.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera kwa Hillary, mtsogoleri wa gulu lina la ku Limbe lotchedwa Mafumu a Mphezi, gulu lotchuka lophwanya malinga amene a kuno sanaonepo n'chipata chomwe. Anati aona mmene Aubrey amaponyera, ndipo ngati akufuna, malo alipo.

Munthu wina akanaganiza nkhaniyi mumtima. Aubrey anaiganizira pamsika. Aliyense wokhala pampando wometera ankafunsidwa maganizo, makina ali pakhosi: ndipite kapena ndikhale? Ndani angayankhe zokhumudwitsa munthu wogwira lumo? Onse ankati pitani, inu ndinu wamkulu.

Kunyumba anafunsanso mkazi wake Fiona. "Mayi a Linda, a ku Limbe akundifuna. Mukuona bwanji?"

"Ku Limbeko mupita ndi thupi lonse kapena zala zokha?"

"Zala zokha."

"Ndiye thupilo lipite kumunda. Nandolo akuthetheka yekha uko."

Dainess yekha ndiye anamuyankha ngati munthu. Anati, "Achimwene, ngati mtima uli kumeneko, pitani, sitikukanizani. Mwina mukaphunzirako zimene ife sitidziwa. Koma Loweruka lino tikukayesa linga lomaliza lija latikanika chaka chonsechi. Tithandizeni limenelo, kenako muzipita ndi mtendere."

Aubrey anadziguguda pachifuwa. "Asisi, ine si munthu wothawa anzanga."

Loweruka masana gulu lonse linasonkhana pachipata cha linga. Timoti anali atakana makasitomala, wa ku Magomero atakwera pachulu kusaka netiweki. Dzina la Aubrey silinkaoneka. Kenako pa gulu lawo la mauthenga panafika mawu ake ojambulidwa: "Anzanga, ndakula. Musadandaule, kumene ndikupitako ndizikukumbukirani." Anali atatuluka m'gululo m'mawa womwewo, chifukwa Hillary anati malowo sadikira munthu. Tsiku limenelo a Nandolo Wauma anaphedwa asanafike n'pakati pomwe.

Ku Mafumu a Mphezi anakapeza oponya mivi ali mbwee, aliyense womuposa. Sabata zoyamba ankangoonerera anzake akumenya nkhondo. Hillary sankavutika n'kuloweza dzina lake, ankangoti "iwe wa kumudzi". Aubrey atadandaula kuti sakusewera, anamuuza kuti malo otsala ndi a wochiritsa. Msilikali uja anavomera kunyamula zikwama, n'kuthokozanso.

A ku Limbewo ankamenya nkhondo nthawi imene iwo afuna, ngakhale tsiku la msika dzuwa lili paliwombo, ndipo wojomba ankachotsedwa. Aubrey anayamba kukhoma shopu anthu ali pamzere. Ankakakhala pa mulu wa njerwa kuseri kwa chigayo, foni ili m'mwamba, nkhope yonse mbuu ndi fumbi la gaga, akuyankha "chabwino bwana" kwa mnzake wa msinkhu umodzi amene sanamuonepo.

Linga lina lalikulu a Mafumu a Mphezi analiphwanyadi, ndipo Aubrey anachiritsa bwino tsiku limenelo, palibe amene anafa. Koma Hillary potchula mayina a ogwira ntchito, lake analidumpha. Uta wagolide umene unagwa m'manja mwa chimphona, umene Aubrey ankaulota, unapatsidwa kwa msuweni wa Hillary. Aubrey atafunsa chifukwa chake, yankho linali lalifupi: "Ngati sizikukusangalatsa, tuluka. Ofuna malo ako ndi ambiri." Sanatuluke.

Kuno Dainess anatenga Shukuru, mtsikana wosoka zovala ku Boma, kuti aziponya mivi. Sanali katswiri, koma akauzidwa kuti choka pamoto, ankachoka. Gulu linalephera, n'kulepheranso, mpaka Loweruka lina chimphona chija chinagwa. Timoti anazungulira msika wonse pa njinga akuliza belu, amayi ogulitsa tomato n'kumaululutira osadziwa n'chimene chachitika.

Patapita masiku, Aubrey anamuimitsa Timoti pamsewu. "Aise, kodi kwanuko malo atha? Sindikudzifunsira ine, pali mnzanga wina."

"Mnzakoyo akafunse a Dainess," anatero Timoti, n'kupalasa njinga.

Dainess atamva anapita yekha kushopu. "Achimwene, bwererani ngati mukufuna. Koma anthu aja munawasiya pachipata. Muyambe mwawapepesa, ndi pakamwa panu, monga munatsanzikira ndi pakamwa panu."

Aubrey anapukuta galasi loyera kale, nati aganizira.

Mpaka lero akuganizirabe. Akadali ku Mafumu a Mphezi, akuchiritsa anthu osadziwa dzina lake, ndipo aliyense wolowa m'shopumo amauzidwa kuti a Nandolo Wauma akumugwadira kuti abwerere koma iye alibe nthawi. Omva nkhaniyi achepa, chifukwa ambiri tsopano amakametetsa kwa Davie, kutsidya kwa msewu, amene foni yake ndi ya mabatani.