Mango a pa Sari ya Poongodi

Mvula ya Novembala ikafika m'tauni ya Arani, ulusi wa silika umamwa chinyezi n'kuyamba kumatana. Palibe amene amautambasula mumsewu monga amachitira dzuwa likamaswa mtengo. Oomba nsalu amatseka mazenera, amakweza ulusi pamwamba, ndipo madzulo amathira lubani pa makala kuti utsi uumitse m'nyumba ndi kupha fungo la chuku.

Elumalai anakulira mu utsi umenewo. Bambo ake anali woomba, koma iye msana unamukaniza, ndiye anatenga ntchito yojambula maluwa a m'mphepete mwa sari, nsalu yaitali imene akazi akumeneko amavala. Anayamba ndi pensulo, kenako kompyuta. Chojambula chikatha, makina ake amabowola makadi, ndipo makadiwo ndi amene amauza choombera nsalu ulusi woti ukwere ndi woti utsike. Sanali wolankhulalankhula. Anthu ankamudziwa ndi mango amene ankajambula pa nsaluzo, opindika kunsonga ngati akumvetsera kanthu.

Chaka chimenecho mwana wake Poongodi ankakwatiwa mvula ikangotha. Sari ya ukwati anaijambula yekha, pang'onopang'ono, potengera ya malemu amayi ake, agogo a Poongodi, imene njenjete zinali zitaimaliza. Mango akalewo tsopano anatsala mu kompyuta mokha. Woomba sariyo anali atanena mosabisa kuti makadi akapanda kufika sabata imeneyo, ayika ntchito ya munthu wina pa choombera, ndipo sari sidzatha ukwati usanafike.

Ndiye kompyuta inayamba mwano. Akati atsegule pulogalamu yojambulira, inkalemba kuti fayilo yakutiyakuti ikusowa. Anaiyikanso pulogalamuyo, inagwira m'mawa wonse. Masana inazima yokha, ndipo poyaka inatchula fayilo ina.

"Mwafunsa a Jaffar?" anatero mkazi wake Kasthuri.

"Andiseka."

"Akusekeni. Mwana avala manyazi anuwo pa ukwati?"

Jaffar, mnzake wa kusukulu amene ankakonza makompyuta pafupi ndi depoti, anafika atafunda thumba la pulasitiki kumutu. Anakana kukhudza chilichonse asanamwe khofi.

"Alamu, nkhope imeneyi bwanji? Wamwalira ndani?"

"Mango a amayi anga ali m'menemo."

Jaffar anasiya kuseka. Anakhala pansi, nafunsa dzina la fayilo yosowayo. Anafotokoza kuti mafayilo amtunduwu ali ngati mpopi wa pamsewu: mapulogalamu ambiri amatunga pamodzi, ndiye umodzi ukauma, nyumba zambiri zimalira. Anaifufuza, n'kuipeza ili malo ake, yosakhudzidwa.

"Iyi ilipo. Dzulo inkati ikusowa iti?"

"Ina."

"Dzana?"

"Inanso."

"Ndiye palibe chasowa. Munthu akamati lero andibera mbuzi, mawa njinga, mkuja mkazi, koma zonse zili pakhomo, vuto si akuba."

Anayatsa pulogalamu yoyeza ramu, timatabwa tiwiri timene kompyuta imayalapo ntchito ikamagwira. Posakhalitsa mizere yofiira inayamba kutsika pagalasi. Elumalai analoza pagalasipo.

"Kufiirako ndiye kuti zapita?"

"Dikira, iwe. Zojambula zako zili m'nkhokwe. Apa tikuyeza mphasa yoyanikira basi."

Anazimitsa, anazula nthambo, natsegula bokosi. Fungo linatuluka lokha. Jaffar anasolola kathabwa kamodzi, nakayang'ana pawindo. Mano ake agolide anali atamata utomoni wabulauni, wosakanikirana ndi fumbi la ulusi. Anakanunkhiza, kenako anayang'ana pansi pa tebulo, pomwe panali kambale kadothi ka makala, pafupi penipeni ndi pamene kompyuta imakokera mpweya.

"Alamu, kompyutayi imapemphera kuposa iwe."

"Ndi chida," anayankha Elumalai motsitsa. "Choombera timachifukiza, sizasi timaifukiza. Ndikanaisiya yokha pachinyezi?"

"Tsiku lililonse?"

"Nthawi yamvula yokha. Ndi Lachisanu."

Kasthuri anaseka ali kukhitchini. "Auzeni zoona. Amaipatsa utsi wambiri kuposa milungu."

Jaffar anapempha labala ya pensulo. Elumalai anali nayo m'kabati, yotsala masiku ojambula pamanja. Jaffar anapukuta manowo mofatsa mpaka golide anaonekanso, anatsuka ndi sipiliti, napemerera timipata ta m'bokosi. Anabwezera kathabwa kamodzi kokha, nayambitsanso kuyeza.

Anadikira. Panja madzi ankathamanga m'ngalande atanyamula makoko a nthochi. Kasthuri anabweretsa vada wotentha, mandasi a ufa wa nyemba, Jaffar anadya wake ndi wa mnzake yemwe. Galasi linakhala labuluu mpaka kumapeto, popanda mzere wofiira. Kathabwa kachiwiri nako kanadutsa chimodzimodzi.

"Tsegula," anatero Jaffar.

Pulogalamu inatseguka osadandaula. Mango anatuluka pagalasi mzere wonse, aliyense ndi kansonga kake kopindika, ndi timadontho titatu tapansi timene amayi a Elumalai ankati ndi mvula yoyamba.

Jaffar anakopera zojambula zonse pa fulashi, naipereka kwa Kasthuri. "Sungani ndinu, mlongo. Uyu aifukiza." Ali pakhomo anatembenukanso. "Lubani wako upite kuchipinda cha ulusi. Kompyuta ukafuna kuilemekeza, uziipukuta ndi kansalu kouma. Ndipo paukwati tsamba langa la nthochi lodyerapo likhale loyandikira mphika."

Atapita, Elumalai ananyamula kambale ka makala n'kukakaika kuchipinda china. Anabwerera, anasanja makadi, nayatsa makina obowolera. Anayamba kugogoda, tizidutswa tozungulira tikugwera m'beseni. Khadi lililonse likatuluka ankaliyang'ana pa kuwala kwa windo asanaliike pa linzake. Lomaliza litatuluka anawalumikiza onse ndi chingwe, anawakulunga m'pulasitiki kawiri, namanga mfundo.