Dzina laumwana lamuchotsetsa Mariamu mu ligi

Salaam aleikum nonse.

Tangochoka kumene pa bwalo ku Balaka. Mwana wanga Mariamu amuimitsa kusewera mu ligi ya atsikana, ndipo timu yawo ya ku Nselema ailanda mapointi a lero.

Chigoli chopambanira anagoletsa ndi iyeyo. Mpira utangotha, kochi wa timu ya Balaka anathamangira kwa akuluakulu a ligi, akuti mwanayu akusewerera khadi la munthu wina. "Uyu si Mariamu iyayi, ndi Atupele."

Ndinawafotokozera kuti Atupele ndi dzina laumwana, tinalisiya atatuluka ku chinamwali cha nsondo. Akuti ndikanene ku komiti ya chilango. Mwana akungolira, ngakhale madzi wakana.

Chikundivuta ndi ichi. Kochiyo si wakwathu, koma dzinalo analitchula osaganizira n'komwe, mpaka mudzi wathu wa ku Chikweo. Ngakhale anzake a Mariamu a mu timu salidziwa.

Achimwene Yusufu, mwana wanu amasewera timu ya Balakayo, ndipo m'mawa ndinakuonani mukumwa tiyi ndi kochiyo pa siteshoni. Sindinanene kanthu, ndikungofunsa.

Abale, mukuiona bwanji? Odziwa dzina lija tonse tili pa gulu lino.